Mmene Mungayendere Ulendo wa Lenti Kuchokera pa Phulusa Kufikira Usiku wa Pasaka

Usiku wa Loweruka Loyera, moto utayatsidwa panja pa tchalitchi ndipo kandulo ya Pasaka italowetsedwa mumdima, imafika nthawi imene wansembe amatembenukira kwa anthu n'kuwafunsa ngati akukana Satana ndi ntchito zake zonse, kenako n'kuwafunsanso ngati akukhulupirira Mulungu Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera. Mpingo wonse umayankha pamodzi, aliyense atagwira kandulo yake. Ambiri a ife tinabatizidwa tili makanda, kotero mafunso amenewa anatiyankhira ndi makolo athu pamodzi ndi amene anatiimirira pa ubatizo, ndipo usiku umenewu ndi pamene timapatsidwa mwayi woyankha tokha ndi pakamwa pathu. Kuyambira zaka za m'ma 300 mpingo wakhala ukupatula masiku 40 okonzekera Pasaka, amene timawatcha Lenti, poyamba makamaka chifukwa cha ophunzira amene ankayembekezera ubatizo ndiponso ochimwa amene ankabwerera mumpingo. Malangizo amene ndalemba pano cholinga chake ndi chimodzi: kuti pofika usiku umenewo mudzayankhe mafunso aja mukudziwa chimene mukukana ndi amene mukumukhulupirira. Ndikulemba monga Mkatolika wa muno mu Lilongwe, koma abale athu a Anglican amene amasunganso nyengoyi, ngakhalenso a CCAP ndi mipingo ina, angapezemo zambiri zowathandiza.

Yambani kukonzeka Lachitatu la Phulusa lisanafike. Tsikuli limasintha chaka ndi chaka chifukwa Pasaka imatsatira mwezi wa kumwamba, ndipo imatha kugwa tsiku lililonse la Lamulungu pakati pa 22 Malichi ndi 25 Epulo, zimene zimachititsa kuti Lachitatu la Phulusa ligwe pakati pa 4 Febuluwale ndi 10 Malichi. Kuchokera pa tsikuli kufikira Loweruka Loyera ndi masiku 46, koma mukachotsapo masiku 6 a Lamulungu, amene sitisala chifukwa ndi masiku okumbukira kuuka kwa Ambuye, amatsala 40, monga masiku amene Yesu anakhala m'chipululu. Mukadziwa tsikulo, pezani mpata wa ola limodzi sabata la m'mbuyo mwake, mukhale panokha ndi pepala ndi cholembera. Lembani moona mtima mayankho a mafunso atatu: kodi ndinasiya liti kupemphera mochokera pansi pa mtima, kodi n'chiyani chimene chandigwira kotero kuti sindingathe tsiku osachichita, ndipo kodi ndani amene sindikufuna kukumana naye pamsewu? Pansi pa yankho lililonse lembani chinthu chimodzi chokha chimene mudzachite. Ndikunena chimodzi chifukwa ndaona anthu achangu akulonjeza zinthu khumi Lachitatu, koma pofika Lamulungu lachiwiri zonse zitagwa, iwo atataya mtima. Pepalalo lipindeni ndipo muliike m'Baibulo, pakuti mudzalifunanso kutsogoloku.

Lachitatu la Phulusa si tsiku la tchuthi, choncho funsiranitu nthawi ya Misa kuparishi kwanu, kaya ndi ku Maula, ku Likuni, ku Chilinde kapena kwina kulikonse, kuti mugwirizanitse ndi nthawi ya ntchito kapena ya bizinesi. Phulusa limene amatipaka pamphumi limachokera ku kanjedza amene tinanyamula pa Lamulungu la Kanjedza chaka chapitacho, ndipo ngati muli naye kunyumba kanjedza wouma uja, mupititseni kutchalitchi akalengeza kuti akumusonkhanitsa. Mvetserani bwino mawu amene amanenedwa pokupakani: mwina akukumbutsani kuti ndinu dothi ndipo kudothi mudzabwerera, monga zilili pa Genesis 3:19, kapena akuuzani kuti mutembenuke mtima ndi kukhulupirira Uthenga Wabwino, monga pa Marko 1:15. Mawerengo a tsikuli sasintha: Yoweli 2:12-18, amene amati ting'ambe mitima yathu osati zovala zathu, Salimo 51, 2 Akorinto 5:20 mpaka 6:2, ndi Mateyu 6, pamene Ambuye akuphunzitsa za kupereka, kupemphera ndi kusala kudya mopanda kudzionetsera. Madzulo ake werenganinso Mateyu 6 panokha pang'onopang'ono, chifukwa zinthu zitatu zimenezi ndiwo mafuwa amene Lenti yonse yakhalapo, ndipo m'phika sukhazikika ngati fuwa limodzi lachotsedwa.

Tiyambe ndi pemphero. Vuto la anthu ambiri a mumzinda si kusafuna kupemphera ayi, koma kusowa nthawi yoikika. Munthu wochokera ku Area 25, ku Chinsapo kapena ku Lumbadzi amene ayenera kukwera minibasi m'bandakucha, n'kubwerera kunyumba kutada, ali wotopa, akamanena kuti adzapemphera akapeza mpata, mpatawo sadzaupeza. Choncho sankhani nthawi yeniyeni ndi malo enieni, ndipo muzilembe papepala lija. Kwa ambiri nthawi yabwino ndi m'mawa ana asanadzuke, mphindi 15 zokha, foni isanagwiridwe. Ngati mumakhala m'nyumba ya chipinda chimodzi ndi anthu ambiri, khonde likwanira, ngakhale mpando wa kuseri kwa nyumba. Ngati mumagwira ntchito pafupi ndi tchalitchi chimene chimakhala chotsegula masana, mungalowemo nthawi ya nkhomaliro. Chofunika n'chakuti nthawiyo ikhale yomweyo tsiku ndi tsiku, mpaka thupi lizolowere.

Mphindi 15 zimenezo muzigwiritse ntchito motere. Khalani chete kaye kanthawi, mudzilembe chizindikiro cha mtanda, ndipo mupemphe Mzimu Woyera kuti akutsegulireni mtima. Kenako werengani ndime yaifupi ya m'Baibulo, kaya muli ndi Buku Loyera, Malembo Oyera kapena Buku Lopatulika. Ine ndimalimbikitsa Uthenga Wabwino wa Marko kwa amene akuyamba kumene, chifukwa uli ndi mitu 16 yokha, ndipo mukamawerenga theka la mutu patsiku mumautsiriza m'masiku 32, n'kufika pa nkhani ya masautso a Ambuye pamene Sabata Loyera likuyandikira. Werengani ndimeyo kawiri, kachiwiriko motulutsa mawu pang'ono, ndipo mukafika pa mawu amene akukhudzani, imani pomwepo osathamangira kutsogolo. Muuzeni Mulungu zimene mawuwo adzutsa mwa inu, m'Chichewa chanu cha tsiku ndi tsiku, monga mmene mwana amalankhulira ndi kholo lake, ngakhale zimenezo zikhale mkwiyo, mantha a ngongole kapena nkhawa ya fizi ya ana. Mukatha kulankhula khalaninso chete mphindi ziwiri kapena zitatu, pakuti ambiri a ife tinaphunzitsidwa kunena mapemphero koma sitinaphunzitsidwe kumvetsera. Tsirizani ndi Atate Athu. Masiku ena mudzaona ngati palibe chikuchitika, maganizo akungoyendayenda kumsika ndi kuntchito. Musadzuke nthawi isanakwane, ndipo musaganize kuti pemphero lotero ndi lachabe. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Usiku musanagone onjezerani mphindi zisanu zoyang'ana mmene tsiku layendera: thokozani pa chinthu chimodzi, vomerezani pamene mwalakwa, ndipo perekani za mawa m'manja mwa Mulungu. Ngati muli pabanja, iyi ndi nthawi yabwino yoitana ana, ndipo magetsi akazima musadandaule, chifukwa kandulo imodzi ndi Kolona zikwanira kusonkhanitsa banja. Amene maso awo savomeranso kuwerenga angathe kutsatira mapemphero ndi maphunzitso pa Radio Alinafe kapena Radio Maria.

Tsopano tifike pa kusala kudya, ndipo pano ndikhalitsapo pang'ono chifukwa pali kusamvetsetsa kwambiri. Lamulo la mpingo wa Katolika ndi lopepuka kuposa mmene ambiri amaganizira. Masiku osala kudya ndi awiri, Lachitatu la Phulusa ndi Lachisanu Loyera, ndipo amakhudza anthu a zaka 18 kufikira 59. Pa masiku amenewa munthu amadya chakudya chokwanira kamodzi, n'kulawako pang'ono kawiri kuti asafooke. Kuleka nyama kumakhudza onse amene akwanitsa zaka 14, pa Lachitatu la Phulusa ndi Lachisanu lililonse la mu Lenti. Odwala, amayi oyembekezera ndi oyamwitsa sakakamizidwa, ndipo ndikupempha ndi mtima wonse kuti amene amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku, monga a shuga, a kuthamanga kwa magazi kapena otalikitsa moyo, asadumphitse mankhwala kapena chakudya chimene mankhwalawo amafuna poganiza kuti akukondweretsa Mulungu. Chimodzimodzinso wopalasa kabaza kapena woumba njerwa, amene mphamvu za thupi lake ndizo zimadyetsa banja, asankhe njira ina yodzimana.

Koma tiyenera kunena zoona za dziko lathu. Kuno Lenti kawirikawiri imayamba m'miyezi ya Febuluwale ndi Malichi, pamene nkhokwe zambiri zimakhala zitatha, chimanga cha m'munda chisanakhwime, ndipo mtengo wa ufa pamsika uli pamwamba. Ku Mtandire, ku Kauma ndi m'midzi yozungulira mzindawu muli mabanja amene amadya kamodzi patsiku popanda wowauza kuti asale. Kwa iwo nyama ndi ya pa Khirisimasi, ndipo nyemba, usipa, bonya ndi nkhwani ndizo ndiwo za masiku onse. Munthu wotere asadziimbe mlandu kuti alibe chosala; apereke kwa Mulungu njala imene ali nayo kale, ndipo adziletse pa zina. Koma kwa inu amene mumalandira malipiro pa mwezi, kuleka nyama ya ng'ombe Lachisanu n'kukagula chambo chodula kuposa nyamayo ndi kusunga lamulo m'maonekedwe chabe. Idyani zimene osauka amadya, ndipo kusiyana kwa ndalamazo mukuike pambali.

Yankho limene munalemba pa funso lachiwiri lija ndilo likuuzeni chimene muyenera kusala masiku onse 40. Kwa wina ndi mowa, umene umamudutsitsa pa malo omwera asanafike kunyumba. Kwa wina ndi kubetcha mpira pafoni, kumene kwadya ndalama za lendi m'mabanja ambiri a achinyamata. Kwa wina ndi WhatsApp, Facebook ndi TikTok mpaka pakati pa usiku, ndipo kwa ambiri a ife ndi miseche, ngakhale ya m'magulu a kutchalitchi momwe. Musangonena kuti ndichepetsa, chifukwa mawu amenewo alibe malire. Nenani kuti foni idzazimitsidwa 9 koloko usiku n'kuikidwa pabalaza, kapena kuti poweruka ndidzadzera njira ina yosadutsa pa malo aja, kapena kuti nkhani ya munthu amene palibe ikayamba ndidzachokapo. Uzani munthu mmodzi wokhulupirika, mkazi kapena mwamuna wanu, kapena mnzanu wa mumphakati (kagulu ka akhristu a m'dera limodzi amene amapempherera pamodzi), kuti azikufunsani kumapeto kwa sabata lililonse. Kupatula ameneyo, wina asadziwe, monga Ambuye ananenera kuti wosala asambe kumaso kuti anthu asazindikire.

Ndalama zimene mwapulumutsa si zanu. Pezani kachitini kapena envulopu, ndipo tsiku lililonse muziikamo ndalama yeniyeni imene mukanagulira botolo, bandulo kapena nyama. Ngati mumasunga ndalama pafoni, muzilemba kuchuluka kwake papepala lija. Kenako sankhani munthu, osati gulu la anthu losadziwika. Mneneri Yesaya pa mutu 58 akunena kuti kusala kumene Mulungu amafuna ndiko kumasula oponderezedwa, kugawana chakudya ndi anjala, kulowetsa m'nyumba osowa pokhala ndi kuveka amaliseche. Yang'anani pafupi: agogo amene akulera zidzukulu kuseri kwa nyumba yanu, mwana amene wabwezedwa kusukulu chifukwa cha yunifolomu, mayi wamasiye amene denga lake likudontha ndi mvula ya Malichi. Mukamapita musapite ndi foni yojambulira, ndipo musangosiya thumba la ufa pakhomo n'kutembenuka. Khalani pansi, mulonjerane, mufunse za moyo wawo. Kuchipatala cha Kamuzu Central ndi ku Bwaila kumakhala anthu ochokera kutali amene akudikirira odwala awo kwa masabata ambiri, ndipo sopo, shuga, ufa ndi ndiwo zimawathera. Kundende ya Maula kuli abale athu amene achibale awo anasiya kalekale kuwayendera. Maulendo a m'malo oterewa ndi bwino kuwakonza kudzera kumphakati kapena kuparishi, chifukwa pamafunika chilolezo ndi dongosolo.

Chifundo chimayenda pamodzi ndi chilungamo, ndipo ife Amalawi tili ndi chifukwa chapadera chokumbukira zimenezi. Pa 8 Malichi 1992, Lamulungu loyamba la Lenti, m'matchalitchi a Katolika m'dziko lonse munawerengedwa kalata ya maepiskopi imene inanena poyera za malipiro ochepa a antchito, mavuto a m'sukulu ndi m'zipatala, ndi kusowa kwa ufulu wolankhula, ndipo kalatayo inathandiza kutsegula njira yofikira ku riferendamu ya pa 14 Juni 1993. Choncho musanapereke mphatso kwa mlendo, dzifunseni ngati wantchito wa pakhomo panu ndi mlonda wanu amalandira malipiro awo pa nthawi yake ndiponso okwanira, ngati sikelo kapena chigoba chimene mumagulitsira malonda ndi choona, ngati simukongoza anzanu mwa katapila, ndiponso ngati kuofesi simuyembekezera kangachepe musanathandize munthu. Ngati pali ngongole imene mwakhala mukuizemba pamene mungathe kubweza, yambani kubweza mu Lenti muno, ngakhale pang'onopang'ono.

Musayende nokha. Miphakati, imene ena amaitcha malimana, inazika mizu mu dayosizi ino kuyambira pa sinodi (msonkhano waukulu wa mpingo) imene Episkopi Patrick Kalilombe anaitsogolera kuyambira 1973 mpaka 1975, ndipo cholinga chake chinali chakuti mpingo ukhale pakati pa anthu kumene amakhala. Ngati munasiya kupita kumphakati, bwererani sabata loyamba la Lenti, ndipo musachite manyazi ndi mafunso a kumene munali. Lachisanu lililonse yesetsani kupezeka pa Njira ya Mtanda. Malo ake ndi 14, kuyambira pamene Yesu aweruzidwa kuti aphedwe kufikira pamene aikidwa m'manda, ndipo ndaona kuti pempheroli limalowa mumtima ngati pa malo alionse mutchula munthu mmodzi amene akusenza mtanda wotere lero, monga wodwala pamene Yesu akugwa, kapena mayi wolira mwana wake pamene Yesu akumana ndi amayi ake. Pa Misa za Lamulungu mudzaona wansembe atavala zofiirira, Aleluya sakuimbidwa, ndipo guwa lilibe maluwa. Zonsezi n'zotithandiza kumva njala ya chimwemwe cha Pasaka. Pemphereraninso ophunzira a m'parishi mwanu amene akukonzekera ubatizo.

Funso lachitatu lija ndilo lovuta kuposa onse, ndipo ndikulankhula monga munthu amene ndinalizemba kwa zaka zingapo. Ndinasemphana ndi achimwene anga pa nkhani ya munda umene makolo athu anasiya kumudzi, ndipo kwa zaka zitatu tinkangoonana pa maliro, aliyense atakhala mbali yake. M'zaka zonsezo ndinkasala mokhulupirika, ndinkapita ku Njira ya Mtanda, ndinkalandira Ukaristia, koma Pasaka inkandipeza mtima uli wouma. Chimene chinandigwetsa ndi Mateyu 5:23-24, pamene Ambuye akunena kuti ukabwera ndi mphatso kuguwa n'kukumbukira kuti mbale wako ali nawe chifukwa, usiye mphatsoyo pomwepo, upite ukayanjane naye kaye. Mawuwa sakufunsa kuti wolakwa ndani. Ndinapempha amalume kuti atiperekeze, ndipo titakhala pansi ndinati, "Achimwene, sindinabwere kudzakamba za malire a munda. Ndabwera kudzapepesa chifukwa cha mawu amene ndinakunenerani pamaso pa ana." Nkhani ya munda inatenga miyezi ina kuti ithe, koma tsiku lomwelo tinadya nsima m'mbale imodzi.

Ngati nanunso muli ndi munthu wotere, chitani motere. Yambani kumupempherera pomutchula dzina tsiku lililonse kwa sabata lathunthu musanachite china chilichonse, chifukwa n'kovuta kupitiriza kudana ndi munthu amene mukumuika pamaso pa Mulungu m'mawa uliwonse. Kenako patulani cholakwa chanu ndi chake, ndipo mupite ndi chanu chokha. Musapepese kudzera pa uthenga wa pafoni ngati mungathe kufika pakhomo pake, ndipo ngati nkhaniyo ndi ya m'banja kapena ya pachibale, tsatirani njira yathu yodzera kwa ankhoswe, amalume kapena akuluakulu a mumphakati. Akakukanani musabweze mawu. Mwachita mbali yanu, ndipo khomo lisiyeni lotsegula. Ndionjezere kuti kukhululuka sikutanthauza kubwerera m'nyumba imene mumamenyedwa kapena kubisa nkhanza zochitikira ana. Nkhani zotero ziyenera kufika kwa amene angateteze wozunzidwayo, ndipo kukhululuka kumachitika mumtima munthu ali pamalo otetezeka.

Mukayesa kuyanjana ndi mbale, pitani ku sakramenti la kulapa, ndipo musadikire Sabata Loyera pamene mizere imakhala yaitali ndipo ansembe amakhala otanganidwa. Sabata lachitatu kapena lachinayi ndi nthawi yabwino. Usiku wa m'mbuyo mwake werengani Luka 15, nkhani ya mwana wolowerera, ndipo muone kuti bambo uja anathamangira mwana wake ali patali. Kenako dzifufuzeni potsatira malamulo khumi a pa Eksodo 20, osaiwala zabwino zimene munayenera kuchita koma simunachite. Mukafika kwa wansembe nenani kuti papita nthawi yaitali bwanji chilapireni, ngakhale zikhale zaka 10 kapena 20, ndipo ngati mwaiwala kalapidwe kake ingonenani kuti, "Bambo, ndithandizeni, ndaiwala poyambira." Tchulani machimo anu momveka, kuyambira limene likukulemerani kwambiri, popanda kufotokoza zolakwa za ena. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo wansembe ndi womangidwa ndi lamulo lakuti asaulule chilichonse chimene wamva m'kulapa, ngakhale moyo wake ukhale pachiswe. Mukalandira chikhululukiro chitani mwamsanga zimene wakupatsani kuti muchite, ndipo ngati munaba kapena kuipitsa mbiri ya wina, konzani mmene mungabwezere. Amene muli m'mipingo imene ilibe sakramentili, pempherani Salimo 51 mutagwada, mutchule machimo anu limodzilimodzi pamaso pa Mulungu, ndipo mupeze abusa kapena mkulu wa mpingo wokhwima maganizo woti mukambe naye zimene zakhala zikukumangani.

Pakati pa ulendowu mwina mudzagwa. Mudzagonereza n'kuphonya pemphero masiku atatu, kapena mudzapezeka mwabwerera ku chimene munasala. Musadikire Lenti ya chaka chamawa. Tulutsani pepala lija, muwerengenso, ndipo ngati lonjezo linali lolemera kuposa mphamvu zanu lichepetseni, n'kuyambiranso m'mawa wotsatira.

Sabata Loyera likayandikira, konzani ntchito zanu kuti masiku atatu otsiriza akupezeni muli omasuka. Lamulungu la Kanjedza nyamulani kanjedza wanu, mumvetsere nkhani yonse ya masautso, ndipo mukafika kunyumba mumupachike pamalo ooneka, pakuti ndiye adzakhale phulusa la chaka chamawa. Lachinayi Loyera madzulo ndi Misa yokumbukira mgonero wotsiriza, pamene wansembe amasambitsa anthu mapazi monga pa Yohane 13. Misa ikatha musathamangire kunyumba, khalani ngakhale theka la ola pamaso pa Ukaristia, pokumbukira kuti ku Getsemani Ambuye anapempha ophunzira ake kuti achezere naye. Ngati mumakhala kutali, gwirizanani ndi anzanu a mumphakati kuti mubwerere limodzi usiku. Lachisanu Loyera ndi tsiku la tchuthi m'dziko muno ndipo ndi tsiku losala. Kulibe Misa, koma kuli Njira ya Mtanda, imene m'maparishi ambiri imayenda m'misewu, ndi mwambo wolemekeza mtanda cha m'ma 3 koloko masana. Tengani madzi akumwa ndi ambulera, muzimitse wailesi ya nyimbo kunyumba, ndipo muwafotokozere ana chifukwa chake tsikuli lili la chete. Zimene zatsala m'kachitini kaja ziperekeni Lachisanu limeneli lisanathe, kuti banja limene munalisankha likhale ndi chophika pa Pasaka.

Loweruka Loyera masana werenganinso pepala lanu komaliza, ndipo kumbuyo kwake mulembe mayina a zinthu zimene mukukana, monga mmene mwazidziwira m'masiku 40 amenewa, kuti wansembe akadzafunsa za Satana ndi ntchito zake mudzadziwe ntchito zimene mukunena. Gulani kandulo, mufike kutchalitchi moto usanayatsidwe, ndipo mukonzekere mwambo wautali, chifukwa mawerengo a Chipangano Chakale amatha kufika 7, kuyambira pa kulengedwa kwa dziko ndi kuwoloka Nyanja Yofiira, Aleluya asanaimbidwe. Ophunzira akabatizidwa idzafika nthawi yanu. Imirirani, muyatse kandulo yanu kuchokera kwa mnzanu wa pafupi, ndipo muyankhe mokweza mawu. Nyengo ya Pasaka imatenga masiku 50 kufikira Pentekoste, ndipo kusala kumatha, koma pa zinthu zitatu zimene munalemba sankhanipo chimodzi choti chipitirire, makamaka mphindi 15 za m'mawa zija. Lolemba la Pasaka ndi tchuthi, choncho Lachiwiri, pobwerera kuntchito, dzukani pa nthawi yomwe ija, mutsegule Machitidwe a Atumwi, mutu woyamba.